Apu Yanga Inkaswali Kasanu pa Tsiku

1

Ndiyambe ndi kulapa, kuti mukamandiseka muziseka mukudziwa. Ine kupanga apu, timapulogalamu ta pafoni tija, sindidziwa. Ndimadziwa kusintha galasi la foni, kuwotcherera pochajira, ndi kuumitsa foni yomwe yagwera mu Shire mwini wake akujambula mvuu. Komabe kwa miyezi isanu ndi iwiri anthu oposa makumi anayi a ku Liwonde, ku Balaka ndi ku Nsanama ankanditchula kuti injiniya, ine n'kumavomera ngati ndi dzina la makolo.

Dzina langa ndi Zubairu. Kwathu ndi ku Balaka, koma ndili pachikamwini ku Nsanama, komwe ndinakwatira Fauziya, mwana wa Abiti Bilali. M'mawa uliwonse ndimakwera njinga yamoto kupita ku Liwonde, komwe ndili ndi kashopu kokonzera mafoni kufupi ndi pokwerera minibasi.

Tsiku lina ndikuyesa sipika ya foni ya kasitomala, ndinaona kanema wa anthu akunja atazungulira tebulo. Mmodzi ankasimba nkhani, enawo n'kumayankha ngati kuti iwowo ndiwo anthu a m'nkhaniyo. Ndinati izi ndiye n'zosavuta, ndipo mwezi usanathe ndinali nditapeka masewera anga, n'kuwatcha Ulendo wa ku Chikala. Kaseweredwe kake n'kotere. Ine ndimati, "Mwafika pamtsinje wodzaza, mlatho wakokoloka, mutani?" Wina amati asambira, wina amati agwetsa mtengo. Aliyense amaponya dayisi. Likagwa pa sikisi wawoloka, likagwa pa wani ng'ona yamulanda nsapato. Wosewera aliyense ali ndi munthu wake wa m'nkhani, wokhala ndi katundu wake ndi mphamvu zake, ndipo zonsezo ndinkazilemba m'kope lalikulu lachikuto chofiira. Tinkasewera Lamlungu masana kuseri kwa shopu, popanda kubetcha kulikonse.

Koma dayisi ndi dayisi. Tsiku lina Fauziya akuchapa anapeza awiri m'thumba la thalauza langa, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali nditakhala kale pamphasa pamaso pa Che Abdulaziz, mlongo wawo wa apongozi anga, amenenso ndi ankhoswe athu.

"Bambo, pakhomo pano ndi pa Chisilamu," anatero. "Njuga ndi njuga, ngakhale muiveke chipewa. Ndikadzamvanso za madayisi, mudzapinde bulangete lanu mubwerere ku Balaka. Mwamva?"

Ndinamva, ndinalumbira, ndipo Lamlungu lotsatira ndinasewera.

Pamlanduwo apongozi anakhala kuseri kwa mpanda, monga mwa nthawi zonse. Ena mwambo woopana ndi apongozi anautaya kalekale, koma pakhomo pa Abiti Bilali unali wamoyo ndithu. Zaka zisanu ndi chimodzi tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira mu udzu, iwo n'kudziphimba mpango. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Fauziya, ngakhale ndili poteropo. Ndinkangodziwa kuti anaphunzitsa Sitandade 3 kwa zaka makumi atatu, kuti atapuma anayamba kusunga nandolo, ndiponso kuti akatsokomola kuseri kwa mpanda ine ndinkasiya zonse n'kulowa m'nyumba.

2

Amene anandikankhira m'mbuna ndi Blasius, wometa tsitsi wa ku Balaka, amene m'nkhani ndi mlenje wotchedwa Chipolopolo. Blasius ndi munthu woti ukamupatsa tiyi amafunsa kuti chigumu chili kuti. Pofika nthawi imeneyi masewera anali atatchuka, matebulo afika anayi, ena akubwera pa minibasi.

"A Zubairu, anzanu kunjaku ali ndi apu," anatero akundionetsa foni yake. "Ukafuna kudziwa kuti mlenje wako watsala ndi mivi ingati, umangodina. Pakabuka mkangano, apu imaweruza. Ife tizingodalira kope lanuli? Sabata yatha ndinali ndi mbuzi ziwiri, lero mukuti imodzi."

"Inadyedwa ndi fisi."

"Fisi wake ndinu. Tikufuna apu!"

Gulu lonse linalandira nyimboyo likumenya matebulo. Sharifa, wogula mbewu wa ku Balaka, amene m'nkhani ndi sing'anga, anathirira ndemanga kuti, "Munthu wotsegula mafoni m'mimba angalephere kapulogalamu basi?" Akanapanda kumwetulira, mwina ndikanakana.

"Ndayamba kale kuipanga," pakamwa panga panatero popanda kundifunsa. "Ikhala ya pa Watsapu. Dzina lake ndi Mlembi."

Lolemba ndinatenga foni yakale yomwe mwini wake anaithawa, n'kuikamo simu yatsopano. Mlembi anabadwa choncho. Wosewera akalemba kuti, "Ndili ndi mivi ingati?" ine ndinkatsegula kope, n'kuyankha mawu owuma ngati a makina: "MIVI 4. MBUZI 1." Anthu anapenga nazo. Blasius ankauza aliyense wokhala pampando wake wometera kuti mbuzi ija inadyedwadi ndi fisi, poti kompyuta sinama.

Sabata yachiwiri ndinatsala pang'ono kugwidwa. Sharifa anatumiza uthenga ali pashopu pompo, m'thumba mwanga n'kuyamba kunjenjemera. Ndinatsokomola mpaka misozi kuti ndibise phokosolo. Kuyambira tsikulo foni ya Mlembi inkatsala ku Nsanama, ndipo anthu ndinawauza kuti apu imayankha m'mawa ndi madzulo basi, masana imakhala ikuzizira. M'nyumba mwathu munalibe pobisa, poti Fauziya amasesa ndi pansi pa sutikesi pomwe. Ndiye ndinakulunga foni ndi kope mu jumbo, n'kuzilowetsa m'thumba la nandolo, m'kanyumba ka apongozi kosungira katundu. Nandoloyo ankadikira mtengo, ndipo ine ndinadzilimbitsa mtima kuti mtengo wa nandolo sukwera msanga.

3

Anthu okonda chinthu sakhuta, izi ndinaziphunzira ndili chigwadire. Atadziwa za mivi anafuna mapu. Atapeza mapu anafuna kuti Mlembi aziwasimbira nkhani mkati mwa sabata, asamadikire Lamlungu. Wina wa ku Nsanama anadandaula kuti apu yosadziwa Chiyao ndi yatsankho. Wina anakwiya kuti siyankha moni. Blasius ankalemba tsiku lililonse mawu amodzimodzi: "Ikuchedwa. Tikufuna apudeti."

M'mawa uliwonse ndinkanamizira kutsegula m'mimba, n'kuzembera m'kanyumba kaja. Ndinkagwada pakati pa matumba ndi mauthenga makumi asanu ndi limodzi, anankafumbwe akundiyenda m'khosi, ndikujambula mapu ndi chala chimodzi. Fauziya, wosalakwa, mpaka anakanditengera mankhwala kuchipatala, ndipo ndinkamwa iye akuona.

Mkwiyo wanga wonse ndinkauthira pa chilombo cha m'nkhani. Pachipata chomaliza cha ku Chikala ndinaikapo mlonda wotchedwa Mayi wa Pachipata. Amavala magalasi pamphuno, sakuyang'ana m'maso, ndipo akatsokomola kamodzi mphamvu zako zimatha. Panalibe amene anadutsapo. Osewera ankamuopa n'kumamukondanso, osadziwa kuti chilombocho ndinachitengera kuseri kwa mpanda wakwathu.

Kenako nandolo anakwera mtengo. Lachitatu madzulo nditafika kuchokera ku Liwonde, ndinapeza kanyumba kali chitsegulire, mkati muli mbee, mosesedwa bwinobwino.

"Matumba aja ali kuti?" ndinafunsa Fauziya.

"Amayi agulitsa. Lole yapita nawo ku Balaka. Inu mwayamba liti kukonda nandolo?"

Ndinakhala pansi osasankha pokhala. Foniyo inalibe loko, ine amene ndimalalikira makasitomala tsiku ndi tsiku kuti aziika pasiwedi. Ndinayamba kukonza zokanena, zoti apu yagwidwa ndi vayirasi, yamwalira, ndipo maliro achitika kale.

Koma Lachinayi masana Blasius anandiimbira akukuwa.

"Injiniya! Apudeti imeneyi ndiye ndi moto! Ikuyankha masana! Ndinaiyesa ponama kuti ndili ndi mivi isanu ndi umodzi, yandiyankha kuti, 'Mwayesetsa, koma muvi suwerengedwa kawiri. Bwerezani.'"

Apu yomwe sindinapange inali itayamba kugwira ntchito.

4

Zinandiwawa kuvomera, koma Mlembi watsopanoyu anandiposa kutali. Ankayankha moni. Chiyao ankachidziwa cha pansi penipeni. Anapeka msika wa m'phanga komwe anyani amakugulitsa katundu yemwe akubera dzulo, ndipo anthu anasimba za msikawo sabata yonse. Mayi wa Pachipata naye anasintha. Anayamba kufunsa mafunso ovuta, ndipo Chipolopolo atamuyankha mwamwano anamupatsa chilango chosesa pachipata masiku atatu. Blasius anasesa m'nkhanimo monyadira. Poti kope ndinalibe, inenso Lamlungu ndinkafunsa Mlembi ngati wina aliyense, n'kumati ndikuyesa makina.

Chodabwitsa chinali chimodzi. Kasanu pa tsiku apu inkakhala chete kwa kanthawi, ndipo Lachisanu masana siinkayankha n'komwe. Blasius, Mkatolika wachidwi, anaifufuza ndi wotchi kwa sabata yathunthu.

"Injiniya, apu yanuyi imaswali!"

Ndinati ndinaipanga choncho dala, polemekeza chipembedzo. Anandiomberanso m'manja, ine n'kuwerama pang'ono modzichepetsa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Nditatsala ndekha ndinalemba pafoni yanga. "Ndinu ndani?"

"Mlembi."

"Iyayi, ndikunena munthu amene wagwira foniyi."

"Funso limeneli m'kope mulibe. Muli ndi funso la masewera?"

Ndinakhala pansi n'kuwerengera ngati wapolisi. Lole inapita ku Balaka. Ku Balaka wogula nandolo ndi Sharifa. Sharifa amaswali, Chiyao ndi chakwawo, masewera amawadziwa. Nanga n'chifukwa chiyani mkazi angabise bodza la mwamuna, n'kumamugwiriranso ntchito yake mwakachetechete? Owerenga, mutu wa mwamuna ukafunsa funso limeneli umakhala uli nalo kale yankho. Ndinadziyang'ana pagalasi la foni yakufa, ndinakonza kolala, n'kuona kuti inde, n'zomveka.

Lamlungu ndinamutsinzinira diso Sharifa. Anandifunsa ngati mwalowa kachitsotso. Ndinamutsinziniranso, iye n'kundiuza kuti ndipite kuchipatala lisanatupe. Mumtima ndinati mkazi wochenjera ndi ameneyu. Zoti Mlembi ankayankha Sharifa ali patebulo pompo, manja onse awiri akuoneka, ndinaziona ndithu, koma ndinati ali ndi njira zake.

5

Ndinayamba kulembera Mlembi zosakhudza masewera. Makasitomala akachepa ndinkatsamira kauntala, n'kumakhuthula za kumtima. Kunena zoona ndinali wosungulumwa, ndipo ndinali ndisanazindikire kuti ndili choncho mpaka nditapeza wondimvera.

"Pakhomo paja ndine mlendo," ndinalemba tsiku lina. "Denga la khitchini ndinafolera ndine, mpanda ndinamanga ndine, koma nkhani zikamakambidwa ndimamvera pazenera."

"Mlendo safolera denga," Mlembi anayankha.

Mawu amenewo ndinayenda nawo tsiku lonse. Ndinapitiriza kulemba, zina zanzeru, zina zoti mawa lake ndinkaziiwala n'komwe. Kenako ndinazolowera, ndipo kuzolowera n'kumene kumapha.

"Ndikuuzeni chinsinsi. Mayi wa Pachipata uja ndi apongozi anga enieni. Bola ng'ona, imayamba yakuyang'ana isanakudye."

Yankho linachedwa, ngakhale siinali nthawi ya swala. Kenako linafika. "Magalasi munajambula bwino. Kutsokomolako mwawonjeza."

Ndinaseka ndekha, n'kuganiza kuti Sharifa anawaona pogula nandolo. Ndipo masana ena otentha, pamene ngakhale ntchentche zinali zitagona, ndinalemba uthenga umene ndidzapita nawo kumanda.

"Inu nokha ndi amene mumandimvetsa. Tikanakumana kale, bwenzi moyo wanga uli wina."

Apa ndiye yankho silinachedwe, ndipo linabwera m'zilembo zazikuluzikulu. "ASITAFURULAHI. MPHAMVU ZANU ZACHOTSEDWA KHUMI. PITANI MUKAWAZIRE AKAZI ANU NKHUNI."

Ine wosimba nkhani m'kope ndilibemo mphamvu, koma ndinazimva zikuchoka. Madzulo ndinawaza nkhuni za sabata ziwiri. Mauthenga ndinkawafufuta tsiku lililonse, ndipo yankho limeneli ndinalifufuta msangamsanga chifukwa cha manyazi. Koma mawu angawo ndinawasiya, poti ndinkawaona kuti ndinawalemba mokoma.

Fauziya anawawerenga ine ndili kubafa. Sanakuwe, sanaswe mbale. Masiku atatu anangoyenda ndi maso ofiira, ndiwo zikubwera zopanda mchere, nkhuku zake zikulowa m'khitchini iye osazikalipira. Ine wakhungu sindinafunse, poti mutu wanga unali kwina. Blasius anali atakonza zoti matebulo onse akumane ku Balaka Loweruka, ndipo ine, pakamwa paja patanditsogoleranso, ndinali nditalonjeza kuti tsiku limenelo apu idzalankhula ndi mawu. Ndinachonderera Mlembi kuti angotumiza ka moni kojambula. Anandiyankha liwu limodzi la Chiyao, "Ngwamba," kutanthauza kuti iyayi.

6

Loweruka ndinatsanzika kuti ndikukaona mayi anga, ngati kuti osewera a ku Nsanama alibe pakamwa. Holo yomwe Blasius anapeza, kuseri kwa malo ena odyera ku Balaka, inali itadzaza. Matebulo analipo asanu ndi atatu, madayisi ali gobedegobede, anthu ena atavala zipewa zamakatoni ngati anthu awo a m'nkhani. Pakhoma anapachika nsalu yolembedwa kuti TAKULANDIRANI INJINIYA. Blasius anali atabwereka sipika ya paukwati kuti mawu a Mlembi akamveke mpaka kumsika.

Ndinaimirira thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kufotokoza kuti netiweki ya ku Balaka siigwirizana ndi mapulogalamu opangidwira ku Machinga. Ndili mkati mwa bodzalo, chitseko chinatseguka. Analowa Che Abdulaziz ndi ndodo yawo, pambuyo pawo Fauziya. Apongozi anaima pakhomo atatembenukira kukhoma, mpango uli kumaso, chikwama chili m'khwapa.

Che Abdulaziz anayang'ana madayisi patebulo loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza. "Bambo, mayi anu aja ndi ati pamenepa?"

Fauziya sanataye nthawi ndi madayisi. "Mlembi ndi uti muno? Aimirire, ndimuone amene amamvetsa amuna anga."

Maso anga opanda nzeru anathamangira kwa Sharifa, ndipo holo yonse inawatsatira.

"Iyayi, iyayi, mukundiyang'aniranji?" Sharifa anadzuka atagwira m'chiuno. "Ine? A Zubairu awa? Ndi diso lawo lodwalali?"

"Mayi, Mlembi si munthu," Blasius analowererapo mwaulemu. "Ndi apu. Kompyuta. Amuna anuwa ndi injiniya."

"Kompyuta eti? Chabwino. Tiiimbire, ilire m'thumba mwa mwini wake."

Ananditsomphola foni m'manja n'kudina nambala ya Mlembi. Ine maso anali pa chikwama cha Sharifa, ndikupemphera kuti batire likhale litatha. Kenako tambala analira. Kulira kumeneko ndinaika ndine pafoni ya Mlembi, ndiye sindikanakusokoneza ndi kwina. Koma sikunachokere kwa Sharifa. Kunachokera kukhomo.

Tonse tinatembenuka. Abiti Bilali anatsegula chikwama mosafulumira. Anatulutsa magalasi n'kuwaika pamphuno, anatulutsa kope lachikuto chofiira, kenako foni. Anadina n'kuiika kukhutu.

"Halo," anatero. "Mlembi pano."

Wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Mayi wa Pachipata!" A patebulo lapafupi anasuntha mipando. Ine ndinakumbukira za ng'ona, ndinakumbukira "tikanakumana kale", ndipo ndinangokhala pansi pomwepo.

7

"Amayi?" anatero Fauziya. "Ndinu?"

Apongozi sanandiyang'ane. Mwambo ndi mwambo, ngakhale m'holo ya ku Balaka. Analankhula nkhope ili kukhoma.

"Fauziya, uwauze amuna ako kuti wosunga nandolo amapisa dzanja m'thumba lililonse asanagulitse. Ndinapeza jumbo ikunjenjemera. Nditatsegula, ndinaona anthu akuluakulu makumi anayi akulira kuti atsekeredwa m'phanga, wowayankha palibe. Ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu. Kope losachonga sindimalisiya."

"Akuti..." Fauziya anayamba.

"Ndamva," ndinatero ndili pansi.

Che Abdulaziz anagogoda ndodo. "Achemwali, inunso mwalowa njuga? Ine ndinanena kuti bulangete lipindidwa, ndipo lipindidwa."

"Achimwene, kope ili ndaliwerenga tsamba ndi tsamba, pamodzi ndi mauthenga a miyezi inayi. Wobetcha sindinamuonemo ngakhale mmodzi. Izi ndi nthano za anthu andevu basi. Madayisi ngati akukunyansani atayidwe. Ndiwapatsa zitsekerero za mabotolo zomwe ndinkaphunzitsira masamu, zili ndi manambala kale, azitola m'chitini." Anakonza magalasi. "Mlandu wa bambowa si njuga. Ananamiza anthu awa, ananamiza inu, ndipo aliza mwana wanga. Za ng'ona ndawakhululukira. Za bulangete aweruze mwini nyumba."

Anatambasula dzanja cham'mbali n'kupatsa Fauziya foni ija. "Iwe unawerenga uthenga umodzi, wopusa kuposa onse. Enawo kwawo anafufuta, koma kuno alipo. Werenga yankho lomwe ndinawapatsa, kenako ukwere m'mwamba, uwerenge wa Lachiwiri."

Fauziya anawerenga za nkhuni zija, pakamwa pake n'kugwedera pang'ono. Atafika pa uthenga wa Lachiwiri anayamba kuwerenga motsitsa, koma Blasius, munthu wothandiza, anamuyandikizira maikolofoni. Ndiye mawu anga, amene ndinali nditawaiwala, anamveka mpaka kumsika.

"Akadzandithamangitsa, manyazi sindiwaopa. Chomwe ndikuopa ndi kudzuka m'mawa ku Balaka osamva Fauziya akukalipira nkhuku zake. Sindidziwa kumuuza zimenezi. Ndikamuyang'ana mawu amathawa."

Palibe amene anaseka. Fauziya anatsitsa foni, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye zimenezi mumauza foni? Ine ndili pompo pabwalo, ndikukalipira nkhukuzo?"

"Ndalakwa," ndinatero. Kenako ndinadzuka, n'kuyang'ana nsalu ya pakhoma ija. "Abale anga, ine si injiniya. Apu kulibe. Poyamba ndinali ine ndi chala changa, kenako ndi amayiwa." Amenewo anali mawu anga oyamba oona pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anandiwawa potuluka ngati dzino.

Fauziya anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bulangete lisapindidwe, amjomba," anatero potsiriza. "Koma aliyale pakhonde sabata yathunthu, kuti nkhukuzo azimve bwino."

Che Abdulaziz anapukusa mutu, n'kuyamba kutolera madayisi m'chipewa chamakatoni, tebulo ndi tebulo. Apo Blasius anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Pepani amayi. Ndiye kuti apu ipitirira? Poti tinalonjezedwanso kuti lero ilankhula."

"Nanga apa ndikuchita chiyani?"

Holo inaphulika. Anthu anaomba m'manja, ena kuimba nthungululu, Sharifa kuseka mpaka kukhala pansi. Apongozi anatsokomola kamodzi, onse n'kukhala chete.

"Komanso inu a Chipolopolo, mbuzi yanu ija sinadyedwe ndi fisi. Injiniya wanu anaiwala kuilemba. Ndakubwezerani."

Blasius anagwada.

8

Masiku asanu ndi awiri a pakhonde anatha udzudzu wa ku Nsanama utandidziwa dzina. Masewera akupitirira, tikutola zitsekerero m'chitini. Fauziya tsopano m'nkhani ndi wamalonda a mchere, ndipo wamuchenjerera kale Chipolopolo kawiri. Osewera sanasinthe. Akufuna Mlembi azitumiza zithunzi, aziimba nyimbo, ndiponso asamachedwe Lachisanu. Yankho limakhala lija la liwu limodzi.

Tsiku lomwe ndinabwerera m'nyumba ndinakumana ndi apongozi panjira ya kumsika. Ndinapatukira mu udzu, iwo anadziphimba mpango, monga kale. Atadutsa ndinalimba mtima n'kutulutsa foni.

"Amayi, tsiku lija munaiwala kuzimitsa foni?"

Ndinawaona ataima pansi pa mtengo wa mango, chondifulatira, akufunafuna magalasi m'chikwama.

"Mphunzitsi saiwala kuzimitsa foni polowa m'kalasi. Mwana wanga analira masiku atatu. Ndinaona kuti kuyaluka kwa ine ndi inu n'kopepuka kusiyana ndi banja kutha."

Ndisanayankhe, unafika uthenga wina.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkangodziwa kulira kwa njinga yanu. Tsopano ndikukudziwani. Mayi wa Pachipata watsegula. Lowani, simuli mlendo."

Ndinalira mu udzu momwemo, chisoso chikundimata thalauza.

Inu owerenga, makamaka akamwini anzanga, musamalonjeze chinthu chomwe simudziwa kupanga chifukwa choti anthu akukuomberani m'manja, poti omwewo mawa afuna china. Ndipo mawu abwino omwe mwasungira akazi anu musawatumize ku nambala yomwe simukuidziwa. Kawauzeni eni ake, ali pompo pabwalo. Ine ndinachita mwayi kuti anga anagwera m'manja mwa munthu wodziwa kuchonga. Mpaka lero apongozi anga sindinawayang'anepo m'maso, koma timacheza tsiku lililonse, kupatula nthawi ya swala.